Funsani Aphunzitsi: Wakhoza bwino koma dzina silinatuluke

Maina a ku yunivesite akangotuluka foni yanga siipuma, ndipo mwezi uno makalata ambiri angozungulira pa nkhani yomweyi. Ndasankhapo asanu. Ena ndawadulako poti anali aatali, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO

Aphunzitsi, ine ndine mayi wa ana anayi kuno ku Ntcheu. Mwana wanga wachiwiri analemba Fomu 4 pa CDSS ya kwathu konkuno ndipo anapeza mapointi 19, sukulu yonse nambala wani anali iyeyo mpaka ahedi anachita kubwera pakhomo kudzatigwira chanza. Tinagulitsa kachewere kuti tilipire fomu ya ku yunivesite ndi thiransipoti yopita pa boma kukadzaza pa intaneti. Maina atuluka lake mulibe, koma mwana wa aneba athu yemwe anapeza 23 amutenga. Ndiye ndimati ndifunse, zimenezi zimayendera mapointi kapena kudziwana? Mwanayu akungodzitsekera m'nyumba, nsima akungotsinako pang'ono basi.

Mayi wodandaula, Ntcheu

YANKHO

Mayi, pepani kwambiri. Mwanayo mumuuze kuti mapointi 19 pa CDSS si masewera, kuli ana ambiri a sukulu zogonera konko, za labu ndi laibulale, omwe sanafikepo pamenepo.

Koma musanayambe kuganiza za kudziwana, mukhale naye pansi mumufunse kuti pa fomu paja analemba makosi anji. Ambirife timaganiza kuti kuli mzere umodzi wautali, wa mapointi 6 kutsogolo wa 36 kumbuyo, ndiye amangowerenga mitu mpaka malo atatha. Sizili choncho. Bungwe la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndipo ndi limene limayendetsa zosankha ana opita ku mayunivesite a boma, limalandira fomu imodzi yomwe mwana amalembapo makosi angapo motsatana, yomwe akuifunitsitsa amaika pamwamba. Kosi iliyonse ili ndi mzere wakewake komanso malo akeake. Ku udokotala ku KUHeS kumakhala kutadzaza kale ana a 6, a 8, a 10, ku uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST nakonso ndi kothina, pomwe kuli makosi ena abwinobwino a uphunzitsi, a ulimi, a za nkhalango, a za nsomba, omwe mzere wake ndi waufupiko. Ndiye mwana wa 19 akalemba udokotala pamwamba, za mankhwala pachiwiri, uinjiniya pachitatu, ndiye kuti waima kumbuyo m'mizere yonse, pamene mnzake wa 23 uja mwina analemba uphunzitsi ku Mzuni ndipo anapezeka ali kutsogolo. Nthawi zambiri nkhani imakhala imeneyo.

Chachiwiri, mapointi 19 aja anachokera m'maphunziro anji? Mapointi timawerengera maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza kwambiri, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo kuti fomu yako iwerengedwe umafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Koma kosi iliyonse imayang'ananso maphunziro ake. Mwana akhoza kupeza 2 mu Chichewa, 2 mu Baibulo, 3 mu ulimi, koma masamu ndi fizikisi ali ndi 6, ndiye akafunsira uinjiniya ma 2 aja samuthandiza kwenikweni. Apa ndi pomwe ana a CDSS amapwetekera, chifukwa kemisitire ndi fizikisi ambiri amaphunzira pa bolodi pokha, mphunzitsi kujambula botolo ndi choko n'kumati tiyerekeze kuti umu muli asidi, mwana n'kudzagwira zipangizo zenizeni koyamba tsiku la mayeso.

Chachitatu ndi chowawa koma ndi choona, malo ndi ochepa. Mayunivesite a boma tili nawo 6. UNIMA ya ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS zinali yunivesite imodzi mpaka mu 2021 pomwe anaigawa, kenako Mzuni yomwe inatsegula mu 1999, LUANAR ya ku Bunda ndi MUST ya ku Ndata ku Thyolo yomwe inayamba kuphunzitsa mu 2014. Ana okhala ndi makirediti okwanira chaka chilichonse amachuluka kutalitali kuposa malo a m'masukulu amenewa, ndiye ngakhale zonse zitayenda mwachilungamo chenicheni ana okhoza ambiri azitsalabe.

Chomwe chimandipweteka ine pa kalata yanuyi ndi choti mwana wanu fomu anakadzaza yekha pa boma, mwina ndi mnyamata wa pa kafe ya intaneti yemwe amangofuna amalize msanga alandire wina. Mwana wa ku Dedza Government kapena Blantyre Secondary akamadzaza fomu yomweyo amakhala ndi aphunzitsi omwe atumiza ana ku yunivesite zaka ndi zaka, ali ndi akulu ake ku Poly (MUBAS ya lero) omwe amamuuza kuti ndi mapointi akowo uku usayerekeze, lemba uku. Mayeso analemba amodzi koma malangizo sanalandire ofanana.

Tsono chochita. Asataye satifiketi pansi pa matiresi. Chilengezo cha chaka chamawa chikatuluka awerenge bwinobwino zaka za MSCE zomwe akulandira ndi zomwe kosi iliyonse ikufuna, asankhe kosi imodzi ya maloto ake pamwamba, zinazo zikhale zoti akhoza kulowadi. Ayang'anenso makoleji a uphunzitsi a Domasi ndi Nalikule, Malawi College of Health Sciences, madipuloma a ku koleji ya zaulimi ya NRC, ndi maphunziro a patali a ODeL omwe Mzuni ndi LUANAR amapereka. Anthu ambiri omwe mukuwaona ndi madigiri lero anayambira dipuloma, anagwirako ntchito, n'kudzalowa ngati ophunzira aakulu. Mukaganiza za yunivesite yomwe si ya boma, muyambe mwaona ngati sukuluyo komanso kosiyo zili pa mndandanda wovomerezeka ndi NCHE musanapereke ngakhale kwacha imodzi.

Za kudzitsekera m'nyumbazo musazitenge mopepuka. Muwapemphe ahedi omwe anabwera kudzakugwirani chanza aja abwerenso, kapena amalume ake, acheze naye. Ana a masiku ano amasunga zinthu mumtima, ndipo akapitiriza kukana kudya kapena kuyankhula zotaya mtima mupite naye kuchipatala osachedwa.

FUNSO

Bambo Aphunzitsi, akulu anga anapeza mapointi 15 nthawi ya kota ndipo anasiyidwa, anzawo a maboma ena analowa ndi mapointi oposa 20. Mpaka lero akugulitsa mu hadiweya. Pano akuti kota inatha, koma ine chaka chamawa ndikulemba ndipo ndili ndi mantha. Inathadi kapena angoisintha dzina? Komanso inuyo mumaiona bwanji, musazembe ngati andale.

Mnyamata wa Fomu 3, Rumphi

YANKHO

Sindizemba mwana wanga. Kota inathetsedwa mu February 2020, analengeza ndi nduna ya maphunziro ya nthawi imeneyo a William Susuwele Banda, boma lili la a Peter Mutharika. Chomwe anasiya ndi kuganizira atsikana ndi ana a ulumali. Ndiye iwe limbikira, boma lomwe unachokera silikuchotsera malo.

Koma poti wafunsa maganizo anga, uyambe wadziwa komwe inachokera, chifukwa anzako ambiri amangoimvera pa Facebook. Kota ya ku yunivesite inayamba mu 1987 nthawi ya a Kamuzu Banda, pa maganizo oti ana a kumpoto achuluka ku yunivesite poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu a chigawocho. Zaka ziwiri zotsatira, mu 1989, aphunzitsi analamulidwa kuti aliyense akaphunzitse chigawo cha kwawo, ndiye ukaona akuluakulu a kwanuko akupsa mtima ndi nkhani ya kota udziwe kuti bala lake ndi lakale. Ophunzira ena anakasuma, ndipo mu 1993 khoti lalikulu linagamula mowakomera, kota n'kuima. Inadzabweranso mu 2009 nthawi ya a Bingu wa Mutharika, ulendo uno akuitchula kuti kugawana malo mofanana. Mmene imayendera, boma lililonse limayamba lapatsidwa malo 10 a ana ake okhoza kwambiri, otsalawo n'kugawidwa potengera kuchuluka kwa anthu m'maboma. Rumphi anthu ndi ochepa koma ana okhoza ndi ambiri, ndiye malo amatha msanga, n'chifukwa chake akulu ako a 15 anatsala. Sinodi ya Livingstonia ndi ena ambiri analimbana nayo zaka zonsezo.

Nanga n'chifukwa chiyani kumpoto kunali patsogolo pa sukulu? Si nzeru zobadwa nazo ayi, ndipo amene amanena zimenezo, kaya ndi wa kumpoto kaya wa kummwera, ndimamutsutsa. Ndi mbiri. Amishoni a Livingstonia, a Robert Laws ndi anzawo, anatsegula sukulu yaikulu ku Khondowe mu 1894 ndi timasukulu tambirimbiri m'midzi, ndipo kumpoto kunalibe maesiteti ambiri olemba anthu ntchito, ndiye sukulu ndi imene inali njira yotulukira. Pamene ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ana amathera mu thangata m'minda ya azungu, ndipo ku Mangochi ndi ku Machinga makolo ambiri achisilamu amaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza. Kusiyana kumeneko kunali kwenikweni, amene amafuna kota sanachite kukupeka.

Vuto langa ndi kota linali mankhwala ake. Imafunsa kuti kwanu ndi kuti, osafunsa kuti unaphunzira pati ndipo unakula bwanji. Mwana wa bwana wamkulu wa ku Area 10, wophunzira sukulu yolipira mamiliyoni, yemwe ku Nsanje anangopitako kumaliro a agogo ake, amalemba pa fomu kuti kwathu ndi ku Nsanje n'kutenga malo a boma limenelo, pamene mwana weniweni wa ku Nsanje wa pa CDSS, yemwe sukulu yake imasanduka kampu madzi akasefukira, amatsalabe. Kwinaku mwana wa mlimi wa ku Chitipa wowerengera tochi amalangidwa chifukwa choti anzake a boma lake akhozanso. Osauka a mbali zonse ziwiri amaluza, ndipo pamwamba pake tinadana mitundu.

Koma iwe usaganize kuti kota itachoka ndiye kuti chilungamo chafika. Kafukufuku wa World Bank wa mu 2010 anapeza kuti mwa ophunzira 100 aliwonse a ku yunivesite kuno ku Malawi, oposa 90 amachokera ku mabanja a gulu lolemera kwambiri, lija la mabanja 20 mwa 100 a pamwamba, ndipo a gulu losaukitsitsa samakwana ndi mmodzi yemwe. Mpanda waukulu suli pakati pa Rumphi ndi Machinga, uli pakati pa mwana wa sukulu ya labu ndi mwana wa CDSS, ndipo ana athu ambiri a sekondale za boma ali ku CDSS. Kusankha kwenikweni kumachitika mu Sitandade 8. Zotsatira za mayeso aja zikatuluka wina n'kupita ku Mzuzu Government, Lilongwe Girls, Marymount kapena Zomba Catholic (Box 2), wina n'kupita pa CDSS ya makilomita angapo wapansi, nkhani ya yunivesite yatha theka mwana ali ndi zaka 14. Ma CDSS amenewa anali ma MCDE, malo a maphunziro a patali, anangowasintha dzina mu 1998 pomwe ana a pulayimale yaulere ya mu 1994 anayamba kusefukira, chiwerengero cha ku pulayimale chitalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, koma zipangizo ndi aphunzitsi sizinatsatire msanga.

Zaka zonse za kota tinali ngati ana khumi olimbirana mtanda umodzi wa nsima, aliyense kuloza mnzake kuti wadula waukulu, osafunsa kuti ufa wachepa bwanji. Atati andifunse ine kuti tiganizire ndani posankha, ndinganene kuti tiganizire sukulu yomwe mwana walembera mayeso. Wa 19 pa CDSS yopanda labu ndi wa 15 pa sukulu ya zonse, ine ndikhoza kubetcha kuti akakumana m'kalasi imodzi ku Chanco (UNIMA) wa 19 uja sakhala kumbuyo. Zimenezo sizisankha chigawo, zithandiza wa ku Karonga ndi wa ku Phalombe chimodzimodzi.

Akulu akowo uwauze kuti khomo la ophunzira aakulu likadali lotsegula, hadiweya ndi sukulu ya kumapeto kwa sabata zimatheka.

FUNSO

Aphunzitsi, mu gulupu yathu ya WhatsApp muli bambo wina akuti amagwira ntchito kosankha ana ndipo akhoza kulowetsa dzina la mng'ono wanga pa mndandanda wachiwiri tikamutumizira ndalama pa foni. Watumiza ndi chithunzi cha kalata ya chidindo. Nditumize?

Wofuna kuthandiza, Lunzu

YANKHO

Musatumize achimwene. Ameneyo ndi wakuba, chidindo chilichonse masiku ano mwana wa Fomu 2 akhoza kuchipanga pa foni. Maina enieni amatuluka poyera kudzera ku NCHE ndi ku mayunivesite eni ake, ndipo ndalama ya fomu imalipiridwa m'njira yomwe yalembedwa pa chilengezo, osati pa nambala ya munthu. Mukatumiza lero mawa adzati abwana akufunanso yawo, mkuja nambala yazima. Ndipo tingoyerekeza kuti ndi zoona amagwiradi kumeneko, ndiye kuti mukugula malo a mwana wa mayi a ku Ntcheu omwe ndawayankha pamwambapa, ndipo tsiku lodzagwidwa wochotsedwa sukulu ndi mng'ono wanuyo. Jambulani mauthengawo musunge, mukanene kupolisi, kapena ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu, ngati akuumirira kuti ndi wa m'boma. Muwachenjezenso anzanu mu gulupumo.

FUNSO

Ine ndili ndi dandaulo. Mtsikana wa m'kalasi mwathu ndinamuposa ndi mapointi atatu, tinafunsira kosi imodzi, iye amutenga ine ayi. Kodi kubadwa mwamuna ndi mlandu? Amati kota inatha koma iyi si kota yomweyo?

Wokhumudwa, Mangochi

YANKHO

Kukhumudwa kwako ndikukumva, ndipo sindikunamiza kuti sizichitika. Zimachitika, ndipo si zobisa. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limanena kuti boma lionetsetse kuti m'masukulu a ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 mwa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60. Ndiye pa makosi ena, makamaka a sayansi, mtsikana akhoza kulowa ndi mapointi omwe mnyamata salowa nawo.

Pa iyi yokha ine ndili mbali ya lamulolo, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Bwerera m'mbuyo ukumbukire kalasi yanu ya Sitandade 5, atsikana analimo angati? Mwina amaposa anyamata. Nanga tsiku lolemba MSCE anatsala angati? Enawo sanathe nzeru. Wina anakwatiwa, ngakhale lamulo la maukwati la mu 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18. Wina anatenga mimba, ndipo ngakhale ndondomeko yolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka ilipo kuyambira mu 1993, obwereradi ndi ochepa. Wina fizi itavuta makolo anasankha mlongo wake. Amene anafika nawe pa mapetoyo mwina amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, kudziphikira yekha, kudzuka mdima kukaima pa mjigo, usiku kumagona khutu lili kuchitseko chifukwa cha anyamata a pa tiredingi senta. Iwe ukaweruka umaponya chikwama n'kupita ku gulupu ya masamu, iye amayamba wasinja. Mapointi atatu amenewo ukawaika pa sikelo ndi zonsezi sakulemera monga ukuganizira.

Kusiyana kwake ndi kota ya maboma ndi koti dzina la boma munthu amangolemba pa fomu ngakhale sanakhaleko, pamene zomwe amakumana nazo mtsikana zimamutsatira kulikonse. Sindikuti palibe pokonza, mtsikana wa sukulu yodula ya mu tauni kupatsidwa mwayi pamwamba pa mnyamata wosauka wa ku Makanjira nanenso zimandivuta, n'chifukwa chake ndimalimbikira zoti aziyang'ananso sukulu yomwe mwana wachokera. Koma mkwiyo wako usaupititse kwa mnzakoyo, sanabe kanthu. Muimbire umufunire zabwino, ndipo chaka chamawa ndi yemweyo amene adzakuuze mmene zinthu zilili mkatimo.

FUNSO

Aphunzitsi anzanga, ine ndine hedi pa CDSS ina kuno ku Phalombe. Chibwerere pano sindinaonepo munthu wa ku yunivesite ya boma atabwera kudzayankhula ndi ana, obwera ndi a timakoleji tolipira ndi mapositala awo basi. Chaka chatha mwana wathu mmodzi anasankhidwa, mudzi wonse unavina, koma sanapite chifukwa cha fizi ndi malo ogona. Kodi akuluakulu a m'mayunivesite ntchito yawo ndi kungodikira mafomu? Nanga ife tingatani?

Ahedi, Phalombe

YANKHO

Ahedi, kalata yanu ndi imene inandipangitsa kuti mwezi uno ndilembe za nkhani imodzi yokha.

Mayunivesite athu a boma sanazolowere kusaka ophunzira chifukwa sanasowepo ophunzira. Pamene University of Malawi imayamba ku Chichiri mu 1965 inali ndi ophunzira 90, ndipo kuchokera nthawi imeneyo ofuna malo akhala ochuluka kuposa malowo, ndiye bwana wa zolembera ophunzira akhoza kukhala mu ofesi mafomu n'kumabwera okha. Koma mafomu obwera okha amachokera kwa omwe akudziwa kale njira. Kwa ine mtsogoleri wa yunivesite ya boma, yomwe ikuyendera misonkho ya mlimi wa nandolo wa kwanuko, sakuyenera kunyadira kuti chaka chino tatenga ana a mapointi ochepetsetsa basi. Afunsenso kuti mwa ana omwe tatengawa a CDSS ndi angati, atsikana ku uinjiniya ndi angati, osaona ndi osamva ndi angati ndipo tawakonzera chiyani, komanso mwa omwe tinawasankha chaka chatha ndi angati sanabwere n'komwe, ndipo alipo anawaimbira foni kufunsa chifukwa? Manambala amenewa aziwatulutsa poyera chaka ndi chaka kuti tizitha kuwafunsa. Mapointi omwe kosi iliyonse inathera chaka chatha azisindikizidwa pa pepala n'kufika pa sukulu iliyonse ya sekondale, amatidwe pa bolodi, chifukwa zoika pa intaneti zokha zimafika kwa amene ali ndi bandulo. Ndipo ophunzira a ku yunivesite akamapita ku holide, n'chiyani chingavute kuwapatsa kalata ndi ya thiransipoti kuti aliyense akayankhule pa CDSS ya kwawo? Zimenezi sizifuna nyumba yosanja kapena ngongole ya kunja.

Za mwana wanu yemwe sanapiteyo zandikhudza, chifukwa ameneyo m'mabuku amawerengedwa kuti anapatsidwa mwayi. Kuli bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite a boma komanso omwe si a boma koma ovomerezeka, ndipo munthu amadzabweza akamaliza. Ndalamazo sizikwanira onse ofuna, komanso ambiri omwe anabwereka kale, ena ndi mabwana lero, amachita kukokedwa kuti abweze, zomwe zimachepetsa za ana a lero. Koma ana a kumudzi ambiri amalephera asanayambe n'komwe, samva kuti mafomu a ngongole atuluka, kapena amamva tsiku lotseka litadutsa. Ndipo ngakhale ngongole ipezeke, mwana amafunika ya basi, matiresi, ndi lendi ya mwezi woyamba ku Chikanda kapena ku Chitawira poti mahositelo sakwana, ndipo ndi ndalama zazing'ono zomwezi zimene zimagwetsa ana.

Inu musadikire a ku yunivesite. Ana asamasankhe makosi ali mu Fomu 4, muziyamba nawo mu Fomu 2 pomwe akusankha maphunziro, chifukwa mwana akasiya fizikisi pamenepo wadzitsekera makomo ambiri asakudziwa. Chilengezo cha NCHE chikatuluka musindikize, muitanitse ana onse a makirediti 6 ngakhale anachoka kale pa sukulu, mudzaze nawo limodzi pa laputopu ya sukulu kapena pa foni ya mphunzitsi, mmodzimmodzi, mukuyang'ana magiredi ake. Muonetsetse kuti aliyense ali ndi chiphaso cha unzika zotsatira zisanatuluke. Mukhale ndi kope la ana anu akale omwe anapita ku koleji iliyonse, kaya ndi TTC kaya ndi Nasawa Technical, ndi manambala awo, muziwaitana. Omwe sanafike makirediti 6 muwauze za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA mosawachititsa manyazi.

Mwana wa chaka chatha uja mumufufuze. Alembere kalata kwa rejisitirala wa yunivesite yomwe inamusankha, afotokoze chomwe chinachitika ndipo afunse ngati malo ake angasungidwe kapena afunsirenso, inu muikepo kalata yanu ya umboni. Kenako mupite naye ku ofesi ya za chisamaliro cha anthu pa boma, kwa a khansala ndi aphungu a dera lanu, ndi ku mpingo kapena ku mzikiti kwawo, muli ndi pepala losonyeza ndalama zomwe zikufunika, fizi payokha, lendi payokha, thiransipoti payokha. Anthu amathandiza msanga akaona nambala yeniyeni kusiyana ndi kungomva kuti mwana akusowa thandizo. Mundilembere mmene zithere.